Nsomba Zitafa ku Nkhudzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba ganyu pa boti la anthu ofufuza za m'nyanja. Sukulu ndinali nditalekeza Sitandade 6. Botilo linkakocheza kwathu ku Nkhudzi. Mwini ntchito anali mzungu amene sitinkamuona kawirikawiri. Woyendetsa zonse anali a Nyirenda, munthu wa kumpoto, wofatsa, wovala magalasi. Ananditenga chifukwa ndinkadziwa kukulunga chingwe osachipiringiza.

Tinkapita kutali, kumene bwato la bambo silinkafika, kumene madzi ndi akuda bii. Kumeneko tinkatsitsa botolo lachitsulo, lotsegula mbali zonse ziwiri. Likafika pamene a Nyirenda akufuna, ndinkataya kachitsulo kotsetsereka m'chingwe n'kukalitseka pansipo. Kenako kukoka. Madziwo ankatuluka ozizira ngati a mumtsuko. A Nyirenda ankawathira m'kabotolo kagalasi n'kudonthezeramo mankhwala. Akafiirira kwambiri, ankati mpweya ulimo. Akayererako, ankati mpweya wachepa, nsomba singakhalitseko.

Zimenezi sindinkazimvetsa kwenikweni. Chimene ndinkamvetsa n'chakuti anzanga pagombe ankandichitira kaduka. Tsiku lina atandifunsa zomwe timachita kunyanjako, ndinafuna kuoneka munthu wamkulu.

"Timathira mankhwala pansi pa nyanja," ndinatero. "Amphamvu. Dontho limodzi lingaphe ng'ona."

Anakhulupirira, ine n'kuiwala.

M'nyengo yozizira mwera unawomba masiku ambiri osaleka. Utaleka, tinadzuka gombe lonse litayera ndi nsomba zakufa, utaka, chambo, ngakhale kampango, mimba m'mwamba. Pofika masana fungo linali litalowa m'nyumba. Amayi ankaopa kuzitola.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Amene sanaione nthawi imeneyo asandiuze kanthu. Munthu ankakwezedwa galimoto, dzina lake osamvekanso. Ife a ku Mangochi boma linkatikayikira kale, choncho aliyense ankayesetsa kuonetsa kuti si chigawenga.

Tsiku lachitatu a tcheyamani a chipani anaitanitsa msonkhano pansi pa mlambe. A Nyirenda anawakhazika pakati, pamchenga wotentha, atawavula magalasi. Anyamata awiri a chipani anaima kumbuyo kwawo. Mzungu uja anali ku Zomba.

"Tiuzeni, a sayansi," anatero a tcheyamani. "Nsomba zathu zafa ndi chiyani?"

"Madzi a pansi mpweya ndi wochepa," anayankha a Nyirenda. "Mwera ukakankhira madzi a pamwamba kumpoto, a pansi amakwera kuno. Nsomba zabanika, basi."

"Nsomba kubanika m'madzi? Tonsefe tabadwira pano. Alipo anaonapo chambo chikumira?"

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa mantha.

"Ali kuti mwana wa Che Jafali?" anafunsa a tcheyamani.

Ndinaimirira. Bambo anali atakhala pambali panga, osandiyang'ana.

"Saidi, mwana wanga, usaope," anatero a tcheyamani, mawu atawafewetsa. "Mwana sanama. Unauza anzako kuti mumathira mankhwala pansi pa nyanja. Ingobwereza pano, ukhale pansi."

Njira yapafupi inali imeneyo. Mawu ochepa chabe, ine n'kubwerera pamalo panga, a Nyirenda n'kupita kumene anthu ankapita. Ndinawayang'ana. Popanda magalasi sankandiona bwino, ndipo sanandipemphe kanthu. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo kulowa m'malaya.

"Ndinanenadi," ndinatero.

"Mwamva nonse."

"Koma ndinanama. Botolo limatsika lopanda kanthu. Wolitsuka ndine. Mankhwala amadonthezera m'kabotolo, m'boti momwemo, ndipo timabwerera nako kumtunda."

A tcheyamani anandiyandikira.

"Ndiye unanamiza anzako, kapena ukunamiza chipani pano?"

"Anzanga."

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi? Uyuyu? Kapena bambo ako?"

Mnyamata mmodzi anachoka kumbuyo kwa a Nyirenda n'kuyamba kubwera kwa ine. Asanafike, bambo anadzuka. Anatola chingwe cha ukonde chomwe chinali pansi, anandigwira pamkono, n'kuyamba kundikwapula. Chibadwire anali asanandimenyepo pagulu. Sanakalipe. Chingwecho chinali ndi mfundo, ndipo malaya anang'ambika msanga. Ndinagwa, anandidzutsa, n'kupitiriza. Amayi anayamba kulira. Pomaliza a tcheyamani omwewo ndi amene anawagwira dzanja.

"Che Jafali, basi, mupha mwana."

Msonkhano unathera pompo. Anthu anabalalika akunena za wabodza wa kwa Jafali, osati za mankhwala.

A Nyirenda anawatengabe kupita nawo kuboma. Koma mboni inalibepo, ndipo patatha sabata anawatulutsa. Anabwera ataonda, analongedza mabotolo awo, ndipo botilo silinakochezenso ku Nkhudzi. Sanandithokoze. Analibe chifukwa chondithokozera. Ganyu yanga inathera pomwepo.

Tsiku la msonkhano lija, titafika kunyumba, bambo anatenthetsa okha madzi a mchere n'kundithowa pamsana. Ananena mawu awa okha: "Akanakutenga iwo, ndikanakakufuna kuti?"

Ndinakhala chaka ndithu ndisakuwayankhula bwino. Ndinkati anandichititsa manyazi pa tsiku limene ndinanena zoona. Ndinadzamvetsa nditabereka ana anga. Gulu lija linkafuna kuona wina atagwa pansi, ndipo bambo anasankha kuti dzanja logwetsalo likhale lawo.

Lero mdzukulu wanga amandiwerengera za ofufuza amene amatsitsa makina pansi pa nyanja zamchere, kumene dzuwa silifika, n'kupezako zamoyo zimene munthu sanazionepo. Amati nkhani ya mpweya m'madzi tsopano imaphunzitsidwa kusukulu. Ndimangomvetsera. Anthu kuno amati ndine wouma pakamwa, ndipo nzoona. Munthu akandifunsa chimene sindikuchidziwa, ndimamuuza kuti sindikudziwa, ngakhale andiseke. Ndinanenapo kamodzi zinthu zimene sindinkazidziwa, kwa anyamata asanu okha, pongofuna kutamidwa. Zipsera zanga zinapola kale. Koma sabata ija ya a Nyirenda sindinathe kuwabwezera, ndipo mpaka lero sindikudziwa zimene anawachita kumeneko.