Bondo langa pa khoma la golosale

Mpaka lero munthu akangotsekula chitini cha penti pafupi nane, ndimapezeka ndabwerera ku Balaka, pakhonde la Che Amidu, pamene fungo la parafini wotsukira maburashi linkasakanikirana ndi utsi wa mbaula ya akazi awo ndi kafungo ka matemba a ku nyanja ya Chiuta oyanikidwa pa chiguduli. Nyumba yawo inayandikana ndi yathu kuseri kwa siteshoni, kumene bambo anga ankagwira ntchito yokonza njanji, ndipo sitima ya katundu ikamadutsa zitini zawo zonse zinkagwedezeka pa thabwa, iwo n'kuimika burashi m'mwamba kudikira kuti nthaka ikhazikike. Anali munthu wamfupi, wa kachisoti koyera ka ku mzikiti kamene sikanadontherepo penti ngakhale kamodzi, chonsecho malaya awo anali mawangamawanga ngati nkhanga.

Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Anayambira kwawo ku Chiuta, kulemba mayina pa mabwato a asodzi, koma mtima wawo unali pa kujambula, ngakhale a shehe ankawadandaulira kuti Msilamu sajambula anthu. Sankakopera m'mabuku. Mbuzi ya pa khoma la butchala inali mbuzi yeniyeni ya anansi athu, ndi nyanga yake yothyoka yomwe. Njonda ya pa chikwangwani cha ometa inali bambo wogulitsa matikiti ku siteshoni, kungoti Che Amidu anamuchitira chifundo n'kumubwezera tsitsi. Ife ana tikawafunsa kumene amazitenga, ankatiyankha osacheuka n'komwe: "Ine za m'mutu sindijambula, mwanache. M'mutu muli bodza. Ndimajambula chimene maso anga adya."

Ndili Sitandade 5, kunabwera galimoto ya kampani ina ya zakumwa za m'botolo, ili ndi chimkuzamawu padenga. Dzina la chakumwacho ndimaliiwala dala, ndiponso kampaniyo inafa kalekale. Inaima pamsika ikuliza nyimbo za gitala, ikugawira achinyamata tizipewa tapepala, ife tikuithamangira m'fumbi opanda nsapato. Bwana wake, wa tayi wochokera ku Blantyre, anapangana ndi mwini golosale yoyang'anana ndi siteshoni kuti khoma lonse lijambulidwe, napatsa Che Amidu pepala lokoperapo. Papepalapo panali mtsikana wa tsitsi lowongoka, atakhala pansi pa ambulera m'mbali mwa nyanja ya kunja.

"Ameneyu ku Balaka kuno amudziwa ndani?" anafunsa Che Amidu.

"Ndiye jambulani chimene achinyamata a kuno angachikonde, madala," anatero bwanayo akukwera galimoto. "Bola botolo lathu lioneke bwino."

Masiku amenewo atsikana tonse tinapenga ndi fulaye. Awiri amaima uku ndi uku akugenda wapakati ndi mpira wa nsanza, wapakatiyo akuzinda, ndipo akapeza mpata amadzaza mchenga m'botolo mpira usanamukhudze. Ine ndinali katswiri, izi sindibisa. Koma fulaye sungasewere diresi ikukukola miyendo, choncho tinkaikwinya n'kuipisira m'chiuno kuti ilekeze pamwamba pa mawondo. Che Amidu anakhala masana awiri pa chitsa cha mtengo wa mango akutiyang'ana, akutafuna chinangwa.

Patatha sabata khoma linatha, ndipo Balaka yense anapita kukaona. Panali mtsikana ali m'malere, wazinda mpira, nkhope yabisika kuseri kwa mkono, fumbi lili koboo kumapazi, botolo la kampani lija lili chilili pamchenga. Diresi inali yachikasu ngati yanga. Ndipo pa bondo lamanzere panali kachipsera kooneka ngati nyemba, kamene ndinakapeza nditagwa pa miyala ya njanji ndili wamng'ono. Ndinanyada mpaka kudwala nako. Ndinauza kalasi lonse, ndinauza ogulitsa zitumbuwa, ndinkachita kukweza diresi pang'ono kuti osakhulupirira aone okha. Anyamata akusekondale ankagula chakumwacho n'kumamwera pansi pa chithunzicho.

Mayi anga okha ndi amene sanaseke. Atachiona anangogwira pakamwa, n'kundikoka dzanja mpaka kunyumba. Anandivula diresi yachikasu ija, anaipinda n'kuiponya pansi pa sutikesi, nandimanga chitenje chofika ku akakolo. Nthawi imeneyo lamulo linkati chovala cha mkazi chiziphimba mawondo. Linali la akuluakulu, koma anyamata a chipani ovala malaya ofiira, amene ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi, sankafunsa zaka za munthu, ndipo ine ndinali wamtali kuposa msinkhu wanga.

A chipaniwo anabwera Loweruka m'mawa, msika utadzaza. Tcheyamani wa chipani wa dera lathu anali kutsogolo, anyamata asanu pambuyo, ndipo awiri anali atakatenga kale Che Amidu kunyumba, zitini zili m'manja. Anthu anasiya malonda n'kuunjikana. Ine ndinali nditatumidwa mchere, ndipo ndinapezeka pakati pa gululo ndi anzanga a fulaye.

Tcheyamani analoza khoma ndi ndodo yake. "Che Amidu, mwajambula ndinu izi?"

"Ndine, bwana tcheyamani."

"Bondo ili ndi la ndani?"

Che Amidu anayang'ana pansi.

"Tonse timakudziwani, inu simujambula munthu amene simunamuone," anapitiriza tcheyamaniyo, mawu ali pansipansi ngati akucheza. "Ngati mtsikanayu alipo, titchulireni. Mlandu ukhala wa bambo ake osadziwa kulanga mwana, inu mungokonza chithunzi chanu muzipita. Koma ngati mwachipeka nokha, ndiye kuti mukuphunzitsa ana a dziko lino kunyoza lamulo. Zikatero tikakambirana kutsogolo."

Panalibe amene sankadziwa tanthauzo la kutsogolo. Anthu ankapita kumeneko ndi malaya okhawo amene avala, ena osabwerako. Ndinaganiza za bambo anga, amene nthawi imeneyo anali kunjanji ndi nyundo yawo, osadziwa kanthu. Mnyamata mmodzi wa malaya ofiira anayamba kuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa atsikanafe, akuyang'ana miyendo yathu mmodzimmodzi, kamtengo kali m'manja. Atafika pa ine ndinamva fungo la thukuta lake. Ndinafinya chitenje pa bondo mpaka zala kuchita dzanzi. Mnzanga Esinati, amene ndinamuonetsa chipseracho kangapo konse, anali phewa ndi phewa ndi ine, akupuma ngati wathamanga. Theka la anthu amene anali pamenepo linkadziwa mwini bondolo. Amayi ogulitsa zitumbuwa aja anangoti maso pa lichero lawo.

Che Amidu anakweza mutu. Sanayang'ane kumene ndinali, ngakhale pang'ono.

"Iyayi, bwana. Mtsikana ameneyu kulibe. Ndamutenga m'mutu mwangamu."

"Mwati bwanji?"

"M'mutu mwanga. Ndinangolota."

Ndikanatha kulankhula. Mawu anafika pakhosi, ndinawamva, koma ndinawameza, ndipo ndakhala ndikuwameza zaka zonsezi. Ndinali mwana, inde, koma ndinkadziwa bwinobwino chimene chikuchitika.

Tcheyamani anawalamula kuti akonze pomwepo, anthu akuona. Che Amidu anakwera pa mgolo, anasakaniza penti yachikasu mosafulumira, ndipo burashi yoyamba inatera pa kachipsera kaja. Kenaka anatsitsa diresiyo mpaka kumapazi. Mtsikana amene ankauluka uja anasanduka thumba lopachikidwa m'malere. Atamaliza anatsuka burashi m'parafini, anaipukuta, anaipereka kwa akazi awo pamodzi ndi kachisoti kawo koyera, n'kukwera galimoto ya chipani imene inkawadikira.

Bwana wa tayi uja sanaonekenso. Kampani inangotumiza munthu kudzapaka laimu khoma lonse, n'kukhomapo chikwangwani chachitsulo cha mtsikana wa ambulera uja, atavala diresi yaitali. Fulaye tinasiya. Kunyumba kwathu nkhaniyi sinkatchulidwa, koma madzulo alionse mayi ankapatula ndiwo m'kambale n'kupita nako kwa akazi a Che Amidu, ndipo bambo, amene sankapemphera kawirikawiri, anayamba kulawirira ku Misa.

Che Amidu anabwerako mvula yoyamba itagwa, atawonda, mutu uli mpala, zala ziwiri za dzanja lamanja zitauma osapindika. Zimene anakaona kumeneko sanauze munthu. Anabwerera pakhonde lawo, koma ankangolemba zilembo basi: tiyirumu, sitolo, pano tikuwotcherera. Munthu sanajambulenso. Ine ndinkazungulira kuseri kwa nyumba popita kusukulu, kuopa kukumana nawo maso.

Tsiku lina anandikola ndikuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu.

"Iwe mwanache, tabwera kuno. Fulaye unasiya?"

Ndinatula ndowa, misozi ili kale m'masaya. "Che Amidu, munanama chifukwa cha ine."

"Eetu, ndinanama. Mulungu anamva, tidzakambirana awiri. Si nkhani yako imeneyo." Anatola burashi yaing'ono, yothothoka ubweya, ndi chibenthu cha katoni, n'kundiikira m'manja. "Tandiuza, maso ako adya chiyani lero kumjigoko?"

Ndinati ndaona amayi awiri akulimbirana malo pamzera, wina mwana ali kumsana akuseka.

"Ndiye ukudikira chiyani? Zala zako zonse n'zamoyo."

Ndinajambula zoipa kwambiri tsiku limenelo, amayiwo anaoneka ngati mitondo, ndipo Che Amidu anaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere.

Lero ndine mayi wa imvi, ndipo ntchito yanga ndi yomweyo, kujambula zithunzi za makampani ofuna kukopa achinyamata. Mabwana ake ndi ana ang'onoang'ono, ena ndikanatha kuwabereka, ndipo amakonda kundifunsa kumene ndimatenga nzeru zanga, akuyembekeza kuti nditchula mabuku akunja. Ndimawauza kuti ndimakwera minibasi, ndimakhala pamsika, ndimadya ndi maso. Koma mtsikana aliyense amene ndamujambula akuthamanga kapena kudumpha amakhala ndi kachipsera konga nyemba pa bondo lamanzere. Mwezi wathawu bwana wina anakaona, analoza ndi cholembera n'kunena kuti, "Mayi, kadontho aka tafufutaniko, kakuipitsa chithunzi."

Ndinakana. Kanafufutidwapo kale kamodzi, Loweruka lina ku Balaka, ine ndili chete, ndipo kanapita ndi zala ziwiri za Che Amidu.