Katsache ndi Chigayo cha Masana

Mayi wina analephera mayeso a zamagetsi kawiri. Ntchito imene anaipeza inali yosesa pabwalo la magetsi a sola a m'mudzi mwawo, ndipo anthu anamutcha Katsache.

Magetsiwo anali akudwala. Dzuwa likangopendeka, mababu a m'nyumba zonse ankaphethira kenako n'kuzima. Injiniya wa kampani anabwera, anayang'ana mabatire, n'kupukusa mutu.

"Miyezi itatu. Zikapanda kusintha, tizula zonsezi tikaike kwina."

Mtima wa Katsache sunakhalenso m'malo. Akamasesa, maso anali pa mita ya pakhoma. Masana manambala ankakwera, mabatire n'kudzaza, mphamvu yotsala n'kumangopita pachabe. Madzulo chigayo chikalira, wowotcherera zitsulo nayenso n'kuyatsa makina ake, manambala ankagwa ngati mwala m'chitsime. Analemba zimenezi kuseri kwa kalendala masiku makumi awiri, kenako anapita kwa mwini chigayo.

"Bambo, bwanji muzigaya masana?"

"Iwe Katsache, tsache lakuphunzitsa uinjiniya liti? Masana azimayi ali kumunda. Ndizigaya mphepo?"

Katsache anabwereka wilibala, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo m'mamawa.

"Mayi, siyani thumba lanu popita kumunda. Pobwera mupeza ufa."

"Nanga likasowa?"

"Mlonda wake ndine."

Tsiku loyamba anatenga matumba atatu okha, lililonse atalilemba dzina ndi khala. Manja anatuluka matuza. Sabata yachitatu matumba anafika makumi awiri, ndipo mwini chigayo, akung'ung'udza, anayamba kutsegula dzuwa lili paliwombo. Wowotcherera uja anakanitsitsa kusintha nthawi yogwirira ntchito mpaka tsiku limene magetsi anamuzimira geti la kasitomala lili theka. M'mawa mwake anayamba ntchito molawirira.

Injiniya anabweranso madzulo ena ndi galimoto yonyamulira katundu. Anapeza mababu akuwala, mphamvu ya m'mabatire isanatsike kufika n'pakati pomwe.

"Wakonza ndani?"

"Funsani tsache lanulo," anatero mwini chigayo.

Katsache anamupatsa kalendala ija. Injiniya anaiwerenga nthawi yaitali. Galimoto inabwerera yopanda kanthu.

Chaka chotsatira analembanso mayeso aja, anakhoza. Lero ndiye amayang'anira bwalolo, ndipo dzina la Katsache sanalitaye.

Inu amene mwagwa kawiri, gwirani ntchito imene ili m'manja mwanu maso ali otsegula. Musataye mtima, kachitatu kalipo.