Mawu akuti "mwayera" amene ndinauza Ba Shadreck

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kutchalitchi. Anesi a pa kiliniki yathu, Ba Tembo, anaimirira mapemphero atatha n'kunena kuti akufuna anthu oyenda m'midzi kukamba za mdulidwe. Ine ndinali nditamaliza sukulu, ndikungogulitsa tomato pamsewu ku Chinyunyu. Pakamwa ndinali napo, ndipo aliyense ankadziwa.

Anandipatsa njinga, buku la zithunzi, bokosi la makondomu, sopo ndi chidole chamtengo chosonyezera mosambitsira maliseche a mwamuna. Ndinkaonetsa kubweza khungu, kutsuka m'kati ndi madzi oyera, kupukuta, ndiye n'kufotokoza za mdulidwe ndi masabata asanu ndi limodzi odikira bala lipole. Ba Tembo ankabwereza mpaka kutopetsa: "Mdulidwe umachepetsa ngozi yotenga kachilombo ka HIV, suthetsa. Unene zonse ziwiri."

Koma azibambo akumudzi si ana. Wina ankati, "Ife makolo athu sankadula, nanga ife tinabadwa bwanji?" Wina amvekere, "Sopo alipo, mpeni wa chani?" Ndikafika pa "suthetsa" paja, anthu ankanyamula makasu awo n'kumapita. Ndiye ndinayamba kudula nkhani. Ndinkangoti, "Mukadulidwa mwayera basi!" Ine ndinkanena za litsiro la pansi pa khungu. Mawuwo ankagwira, ndipo ndinkanyada nawo.

Mmodzi mwa amene anamva anali Ba Shadreck, wootcha makala amene ankapita nawo ku Lusaka. Anayezetsa magazi, anapezeka alibe kachilombo, anadulidwa, anadikira masabata ake onse. Makondomu amene ndinawapatsa anandibwezera akuseka. "Nanga si tayera, mwaiche?" anatero, poti ndinali mwana kwa iwo. Inenso ndinaseka nawo. Ha, kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Patapita chaka ndi miyezi, anabwera kusikelo ndi akazi awo oyembekezera, Amake Grace. Onse awiri analowa kukayezetsa. Ndinali pakhonde ndikupopa njinga pamene Ba Shadreck anatuluka okha. Anaima patsogolo panga.

"Iwe, sunati ndayera?"

Mpope unali udakali m'manja mwanga. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Ku Lusaka ndinkayenda ndi mawu ako. Tsono ndatenga kachilombo, ndampatsa ndi mayi wa ana anga."

Amake Grace anatuluka pambuyo, botolo la mankhwala atalikulunga kunsonga ya chitenje. Sanandiyang'ane. Anafunsa Ba Tembo chinthu chimodzi chokha: "Nanga mwanayu?"

Madzulo ndinaulula zonse kwa Ba Tembo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Zoyenda anayenda yekha. Koma theka la mawu unalisiya ndiwe. Mawa ubwerere m'midzi yonse ukalinene."

Ndinabwereradi, mudzi ndi mudzi mpaka ku Shikabeta, ndikudzitsutsa pamaso pa anthu amene kale ankandiombera m'manja. Manyazi anandigwira, koma mawu akatuluka sabwerera, umangowatsatira m'mbuyo.

Amake Grace anamwa mankhwala osadumphitsa. Ankati akabwera kusikelo ine ndinkazungulira kuseri kwa kiliniki. Mwana anabadwa, anamuyeza kangapo, ndipo atasiya kuyamwa anapezeka alibe kachilombo. Tsiku limenelo ndinalira kuchimbudzi ngati mwana ndi wanga.

Ntchitoyi ndikadali nayo. Anthu akanyamuka ndisanamalize, ndimawatsatira mpaka kumunda ndi theka lotsalalo. Mawu akuti "mwayera" ndimawanena pokhapokha sopo ali m'manja.