Anafunsa Okwera Basi Amene Sapita Kulikonse

Lachiwiri lapitali ndinali ndi ulendo wa ku Chipata, kukatenga magalasi anga atsopano. Akale aja anathyoka mwendo umodzi, ndipo kwa milungu iwiri ndakhala ndikuwerenga nditapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba.

Ndinafika pa siteshoni yathu ya pano pa Katete cha m'ma seveni. Minibasi yoyera inali itaima, injini ikulira, m'katimo mutakhala kale anthu asanu. Woitanira anandilanda chikwama ndisanamupatse n'komwe moni. Akuti kwangotsala anthu atatu, tinyamuka pompano.

Inu amene munakwerapo minibasi kwathu kuno mukudziwa kale. Kulira kwa injini si ulendo. Ndipo si onse okhala m'katimo amene ali paulendo. Pali azibambo ena amene ntchito yawo ndi kungokhala pampando, kuti iwe wobwera uone ngati galimoto yatsala pang'ono kudzaza. Ukalowa n'kukhazikika, mmodzi amatsika ngati wakumbukira kanthu kunyumba.

Asanu onsewo ndinawazindikira. Pawindo, kumbuyo kwa dalaivala, panali a Mbewe, amene timaimba nawo besi mu kwaya ya kumpingo kwathu. Anali atavala jekete, chikwama cha ulendo chili pamiyendo. Chikwamacho ndimachidziwa: mumakhala nyuzi zakale ndi botolo la madzi. Tinapatsana moni mwaulemu, kenako anandifunsa ngati nanenso ndikupita ku Chipata. Mawu akuti "nanunso" anawatchula nkhope ili gwa.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kudikira.

Patapita kanthawi panafika mayi wina wachitsikana, wovala bwino, atakumbatira fayilo ya mapepala. Anaima pachitseko n'kudzitchula kuti ndi a Miti. Chinyanja chawo chinali cha ku Lusaka, chothira Chizungu ngati mchere. Anati atumidwa ndi ofesi ina imene ikukonza mapulani a tauni yathu. Mapulaniwo ndi awiri: kusamutsa siteshoni kuchoka pafupi ndi msika kupita nayo kunja pang'ono, ndi kukulitsa kamsewu kolowa mu komboni ya kuseri kwa msika, kuti mukhale msewu weniweni wa ngalande zake. Koma asanayambe, akuti, akufuna amve kaye maganizo a anthu okwera mabasi.

Anayambira kwa a Mbewe.

Anawafunsa kuti amakwera basi kangati pa mlungu. A Mbewe anati tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. A Miti anasangalala. Uyu ndiye munthu amene ankamufuna.

Anawafunsa ngati kudikira kuti basi idzaze kumawasowetsa mtendere. A Mbewe anati ayi, iwo sanadandaulepo za kudikira, ndipo basi ikachedwa kudzaza mtima wawo umakhala m'malo. Anawafunsa za kupanikizana. Anati iwo chiyambire sanapanikizidwepo ndi munthu. Basi ikamadzaza, malo opumira amawapeza nthawi zonse. Nanga maenje a mumsewu?

"Maenje ndimangowamva kwa anthu, mayi," anatero a Mbewe. "Ine sanandigwedezepo ngakhale limodzi."

Taonani bwino mayankho amenewa. Muli bodza? Mulibe ngakhale limodzi. Munthu wa kwaya sanganame m'mawa Lachiwiri.

Anzawo anayi aja anatsata momwemo. Wina anayamikira madalaivala athu kuti ndi osamala kwambiri, popeza zaka zonse zimene wakhala mu minibasi sanaonepo ngozi. A Miti ankangolemba, akugwedezera mutu.

Mukufunsa kuti nanga ine ndinali kuti? Ndinali pomwepo, ndili chete. Kumuulula munthu pantchito pake si chinthu chapafupi, makamaka amene Loweruka mukaima naye phewa ndi phewa pokonzekera nyimbo. Komanso ndisakubisireni, zinkandikoma. Atafika kwa ine ndinayankha bwinobwino, mpaka kuwonjezera mfundo zimene sanandifunse. Pepala langa linali lomaliza mu fayilo yawo. Anati ntchito yatha, n'kukakhala kumpando wa kutsogolo, popeza nawonso ankabwerera ku Chipata kumene ankagona.

Kenako okwera enieni anayamba kufika.

Woyamba anali aNaphiri, mayi wachikulire wogulitsa kapenta ndi nyemba mumsika, amene amakhala mu komboni yomwe ija ya kuseri kwa msika. Ankapita kukaoda katundu, matumba opanda kanthu atawapinda m'khwapa. Iwo kulowa, bambo mmodzi kutsika. Kunabwera banja lina, awiri anatsika. A Miti anacheuka koyamba. Anacheuka kachiwiri. Pamene a Mbewe ankanyamuka ndi chikwama chawo, mayiyo sanathenso kupirira. Anafunsa ngati bambo asintha maganizo.

A Mbewe anati akumbukira kuti mbuzi sanaimangirire.

ANaphiri ndiwo anamasula nkhani yonse, alibe nazo manyazi. "Awa sapita kulikonse, mwanawe. Ulendo wawo ndi wochoka mu basi ino kukalowa mu iyo ili kumbuyoyo."

Basi yonse inaseka. A Miti nawonso anaseka, koma kuseka kwawo sikunapite patali. Anatsegula fayilo n'kuyamba kuvundukula mapepala limodzilimodzi. Anatiuza kuti limeneli linali tsiku lachitatu akubwera pa siteshoni m'mawa, ndipo masiku onsewo ankafunsa anthu amene ankawapeza atakhala kale m'mabasi, poganiza kuti ndiwo ali ndi mpata woyankha. Lachisanu anayenera kukapereka zonse kwa akuluakulu awo. Ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinasiya kuseka. Mwana wa eni ake anali atagwira ntchito yake mokhulupirika. Tinamulakwitsa ndife, ena poyankha, ena pokhala chete.

A Mbewe anali asanapite patali. Anabwerera n'kuima pawindo, ndipo ulendo uno analankhula ngati munthu amene nkhani yamukhudza. Anati pepala lawo lisang'ambidwe, chifukwa nawonso ndi munthu wa pa Katete. Ngati a Miti akufuna kudziwa za msewu, afunse ena. Koma ngati akufuna kudziwa za siteshoni, palibe woidziwa kuposa iwo. Anafotokoza kuti palibe mthunzi wokwanira, kuti mvula ikagwa amayi a ana amabisala m'makonde a mashopu mpaka eni ake kuwathamangitsa, ndi kuti chimbudzi chilipo chimodzi chimene kiyi wake amayenda ndi munthu amene sapezeka.

"Anthu amabwera kuno kudzadutsa," anatero. "Ine ndimaswera pano. Mukaisamutsa siteshoni, mwasamutsa ine."

A Miti analemba zimenezo kuseri kwa pepala lawo lomwe lija.

Tinanyamuka cha m'ma naini, titapanikizana anayianayi pampando wa anthu atatu, ndipo enje loyamba linatipeza tisanathe n'komwe tauni. A Miti anagunda mutu kudenga, n'kutembenuza pepala lina. Kuyambira pamenepo mpaka ku Chipata analemba kuseri kwa mapepala, cholembera chikudumpha ndi maenje.

Musaganize kuti okwera enieniwo anali ndi mawu amodzi. ANaphiri sankafuna kumva za kusamutsa siteshoni. Anati mawondo awo atha, ndipo thumba la nyemba silidziwa kuti mapulani ndi chiyani. Likatsika kutali ndi msika, kulisenza ndi iwo. Koma pambali pawo panakhala a Daka, okonza njinga, a mu komboni yomweyo. Iwo anati siteshoni ichoke ngakhale mawa, chifukwa mabasi amatembenukira polowera mu komboni penipeni pamene ana amasewera. Za msewu ndiye sanafune n'komwe kukambirana: ukonzedwe basi. Anati mkazi wawo atadwala mwakayakaya nthawi ya dzinja, galimoto inalephera kulowa, ndipo anamutulutsa pa wilibala mpaka kumsewu waukulu. Ponena zimenezi mawu awo anatsika, ndipo aNaphiri, amene anali atakonzeka kale kuwayankha, anangoti tsiku limenelo akulikumbukira, anagwirako wilibalayo.

Anakanganabe, koma kukangana kwa anthu odziwana. Wina akuti siteshoni ikhale, wina akuti ichoke, wina kumbuyo akuti isamuke koma pamsika pakhale poimira basi potsitsa katundu. Mfundo yomalizayi inatuluka kwa mayi wina amene ulendo wonse anali asanatsegule pakamwa. Pa mafunso onse a pa pepala panalibe pofunsa zimenezo.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi inasiya kukhala ya a Mbewe n'kukhala yanga.

Chaka chatha kunali msonkhano wa nkhani yomweyi ya msewu wa mu komboni. Unachitika Lachitatu, cha m'ma teni m'mawa. Ndani ali ndi mpata Lachitatu nthawi imeneyo? Wogulitsa mumsika ali pa benchi lake. Wokonza njinga ali ndi sipanala m'manja. Wa kumunda ali kumunda. Tinapita ndife, opuma pantchito, ovala majekete, odziwa kuyamba ndi "wapampando" tisananene mfundo. Ine ndinaimirira n'kulankhula nthawi yaitali ndithu za mavuto a anthu a mu komboni. Anandiombera m'manja. Koma kunena zoona, kamsewu kameneko sindinakapondepo nthawi ya mvula. Nyumba yanga ili tsidya lina la msewu waukulu, kumene madzi sakhalitsa.

Ndikukhulupirira kuti kwinakwake kuli pepala lonena kuti anthu a m'deralo anafunsidwa ndipo anagwirizana nazo. Anthu a m'deralo ake ndi ine.

Ndiye ndikusiyana pati ndi a Mbewe? Tonse timakhala pampando kuti chinthu chioneke chodzaza. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo mwini mpando akafika amatsika. Ine sindinatsike.

Musandimve molakwa. Sindikudana ndi chitukuko. Ngalande ndikuzifuna, mthunzi pa siteshoni ndikuufuna, ndipo tsiku limene minibasi ya pa Katete idzanyamuke pa nthawi imene woitanira wanena, ndidzagula tambala n'kuitana aneba. Sindikunenanso kuti a mapulani ndi anthu oipa. A Miti ndinawaona ndi maso anga akulemba mpaka zala kuwawa. Vuto ndi lakuti timafunsa amene ndi osavuta kuwapeza. Ndipo munthu wosavuta kumupeza, kawirikawiri, ndi amene alibe kopita.

Kodi n'kovuta kuchita msonkhano Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi, kapena Lachisanu akachoka ku mzikiti? N'kovuta kukhala pa mjigo madzulo amayi akutunga madzi? Kufunsa munthu za basi ali m'kati mwa basi yoyenda, bondo la mnzake lili pamsana? Mayankho ake sakhala aukhondo, ndikuvomera. Amatsutsana, amatuluka kunja kwa mizere ya pepala. Koma ndi a eni ake.

Titafika ku Chipata anthu anayamba kutsika. ANaphiri anatsalira pang'ono, n'kuwagwira a Miti pamkono. Anati ali ndi funso limodzi, ngati ololedwa kufunsa si a mapepala okha.

Anafotokoza kuti miyezi ingapo yapitayo kunabwera azibambo ndi chingwe choyezera ndi chitini cha penti. Anayeza kamsewu kaja, n'kulemba mtanda wofiira pakhoma la nyumba yawo, mbali yoyang'ana kumsewu. Sananene kanthu, ndipo sanabwerenso. Khoma limenelo ndi la chipinda chimene amagona ndi adzukulu awo awiri. Lili ndi mng'alu woyambira pawindo mpaka pansi, ndipo dzinja lathali linkalowetsa madzi. Njerwa zolikonzera anaumba kale, anawotcha, zili pakhomo.

"Msewu sindikuukana, mwanawe, ubwere," anatero. "Ndingofuna kudziwa. Ndikonze khoma langa, kapena ndisadzivutitse poti mudzaligwetsa?"

A Miti anati sakudziwa. Anayankha moona, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Mapepala onse anali atadzaza mbali zonse ziwiri, choncho funsolo analilemba pachikuto cha fayilo, pamwamba penipeni, n'kulizungulira kawiri. Analonjeza kuti akalipereka kwa oyenera. Kuti oyenerawo akaliwerenga liti, sanalonjeze.

Dzulo madzulo ndinawoloka msewu waukulu n'kulowa mu komboni ija wapansi, koyamba patapita zaka. Nyumba ya aNaphiri sinandivute kupeza. Mtanda wofiira ulipo, wayamba kufwifwa ndi dzuwa. Mng'alu ulipo, dzanja la mwana lingalowemo. Njerwa zili pambali pa chitseko, zosanjidwa bwino, zofunditsidwa pulasitiki yakuda yotsikiza ndi miyala. Mwini wake anali asanaweruke kumsika. Kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana.

Inu a mapulani, maganizo athu mwawamva, oona ndi ongodzazira omwe. Tsopano mayi uja akudikira anu. Akonze khomalo, kapena asakonze?