Jasi Yoyera ya Mwana wa Telala

Mafunso ndi mwana wa a Telala, aja amasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo mayi ake amagulitsa mbale ndi makapu mumsika. Mafunso naye ali ndi mwana mmodzi, kamtsikana kotchedwa Kabatani chifukwa kanakulira pansi pa makina a agogo ake, kakutola mabatani. Za bambo wa kamwanako tisatayirepo nthawi. Anaona khomo lolowera, anaonanso lotulukira.

Dzina loti Mafunso anamupatsa ndi bambo ake. Ali mwana sankalola kanthu kumudutsa. Mkaka umasasa chifukwa chiyani? Nanga chilonda chimadziwa bwanji kuti chiyenera kutseka? A Telala ankayankha mapini ali kukamwa, akatopa n'kunena kuti, "Kafunse aphunzitsi ako, ine ndimadziwa makolala." Anapitadi kukafunsa, kuyambira kupulayimale mpaka kuyunivesite, ndipo chovala chilichonse chimene ankapita nacho chinatuluka m'manja mwa bambo ake. M'banja limeneli palibe mwana anapitapo kusukulu ndi chigamba chooneka.

Atamaliza maphunziro analowa ntchito ku labotale yofufuza za chifuwa chachikulu. Anthu aja pakamwa sipauma ankati, mtsikana wophunzira chonchi n'kumakhalira kutsegula timabotolo ta makhololo a eni ake? Asiyeni anene. Amene anamvapo m'bale wake akutsokomola mpaka nthiti kuwawa sangaseke ntchito imeneyi. Iye ankalera tizilombo ta matendawo m'timabotolo tagalasi, n'kumayesa kuti ndi mankhwala ati angaphe tizilomboto, nanga ndi ati amene ayamba kulephera.

Nthawi imeneyo maso a a Telala anali atayamba kuchita ng'ala. Masuti anasiya kulandira, ankangopinda mathalauza ndi kusintha mazipi, ulusi m'singano n'kumawalowetsera mayi asanapite kumsika. Koma atamva kuti mwana wawo azivala jasi yoyera ngati madokotala, anakana zoti avale yogula. Anasankha okha nsalu yolimba, anamuyeza ndi tepi kawiri konse, n'kuisoka pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi singano. Manja ataliatali, matumba atatu, msoko uliwonse wobwereza. Chinali chovala chachikulu chomaliza chimene anasoka, ndipo Mafunso ankadziwa zimenezo.

N'chifukwa chake sanapite nayo kuntchito. Ku labotale kuja kuli lamulo: chovala chikalowa m'zipinda zam'kati sichitulukanso. Chimachapidwa konko ndi mankhwala aukali, chimaphikidwa m'chimakina chanthunzi, ndipo chikatha amachitentha. Mafunso anaiyang'ana jasi ija, mtima unakana. Anaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi. Bambo ake akafunsa kuti, "Ikukukwana?" iye ankati, "Ngati ndinabadwa nayo, ababa."

Ntchito ya wofufuza wongoyamba kumene ili ngati nyumba ya lendi. Pulojekiti ikatha, nawenso nyamula katundu. Anzake ambiri anatopa n'kupita kukagulitsa mankhwala m'mafamase. Amene anamugwira mkono Mafunso ndi a Pulofesa, mayi wa imvi woyang'anira kafukufukuyo. Anamuuza za bungwe lothandiza ofufuza achinyamata, limene limatumiza munthu kukaphunzira kunja, kumupatsa mlangizi, kuti akabwerako adzatsogolere kafukufuku wakewake. Ulendo woyamba a bungwelo anamukana. Analira, a Pulofesa n'kumuuza kuti, "Lira msanga, tili ndi ntchito." Anakhala naye pansi, kumuphunzitsa kulemba zomveka ndi kuyankhula pamaso pa akuluakulu osanjenjemera. Ulendo wachiwiri anamutenga. Zaka ziwiri kutali, Kabatani atsale ndi agogo ake.

Tsiku lina Lamulungu masana, akulongedza katundu, Mafunso anakhuthulira zonse za m'sutikesi pabedi. A Telala anali atakhala pampando pafupi, akupapasa zovala kuti amve ngati pali batani logwedera. Dzanja lawo linafika papulasitiki ija. Anatulutsa chovalacho, zala n'kuyenda pakolala, paphewa, mpaka pathumba. Pamenepo zinaima. Matumba onse atatu anali akadali otseka ndi ulusi wawo wogwirizira, umene mwini chovala amadula tsiku loyamba.

"Iwe Mafunso, kuntchito kwanuko zolembera mumaika m'kamwa?"

"Bwanji ababa?"

"Matumbawa sanatsegulidwepo."

"Bambo a Mafunso, musiyeni mwana alongedze," anatero mayi ali pakhomo.

"Dikirani kaye mayi. Iwe, nena. Ya telala wapakhonde ikuchititsa manyazi pakati pa madokotala? Nena, sindifa ayi. Ndamvapo zoposa pamenepa kwa makasitomala."

Mafunso anakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo n'kuwafotokozera zonse, za lamulo lija, za mankhwala aukali, za moto. "Ikalowa siituluka, ababa. Ine ndimafuna ndikhale nayo mpaka kalekale."

A Telala anaseka mpaka kutsokomola. "Sukulu yonse ija! Mwanawe, chovala chimafera pathupi. Ine ndinasokera ntchito, osati njenjete. Kalowe nayo. Koma ndikuone utavala, uli pamakina akowo. Kamodzi kokha, usanakwere ndege."

Alendo salowa m'zipinda zimenezo, ngakhale atakhala nduna. Koma m'khonde lam'kati muli galasi lalikulu loonera m'chipinda choyamba. A Pulofesa atamva nkhaniyo anaiyang'ana jasi ija mkati ndi kunja, n'kunena kuti, "Iyi iposa zathu zogulazi. Abwere aime pagalasi. Koma asagogode, tizilombo tingadzidzimuke."

Tsiku lomaliza la Mafunso kuntchito, a Telala anavala suti yawo yabuluu, mayi atawagwira pachigongono, mlonda akuwatsogolera m'makhonde onunkhira mankhwala. M'chipindamo munali anthu anayi, onse zoyera, onse ataphimba pakamwa ndi kumutu. Mafunso atawaona anasiya makina, nabwera pafupi ndi galasi. Anaimika dzanja la golovesi. Anatembenuka kuti bambo ake aone kumsana, analowetsa dzanja m'thumba kuti aone kuti ulusi uja wadulidwa.

Bambo ake anatchinga maso ndi chikhatho, nayang'ana uku ndi uku. Kenaka nkhope yawo inawala. Anakweza mkono n'kuyamba kubayibitsa, koma osati kwa iye. Ankabayibitsa mnzake wa Mafunso, mayi wina wamfupi amene anaima chapatali pafupi ndi firiji, atavala jasi yogula ya manja othothoka.

Mawu sadutsa pagalasi lija. Mayi ndi amene anadzamuuza pambuyo pake zimene bambo ake ankanena: "Uyo! Taonani mmene mapewa akhalira, mayi. Msoko umenewo ndi wanga, ndingaudziwe ngakhale pakati pa anthu chikwi."

Mayi anatsegula pakamwa kuti awakonze. Mafunso anapukusa mutu mwamphamvu. Mnzake uja, Mulungu amudalitse, anaona zimene zachitika, naimika dzanja n'kubayibitsanso.

Pamenepo m'pamene Mafunso anadziwa pamene maso aja afika. Kunyumba bambo ake ankadziwa mpando uliwonse, kapu iliyonse ndi mayendedwe a munthu aliyense, mwakuti anawapusitsa onse. Iye wofufuza matenda a anthu osawadziwa, matenda a patebulo lake lomwe sanawaone. Anapachika jasi ija pamsomali wake, anasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene lamulo limanenera, n'kutuluka.

"Mwandiona, ababa?"

"Ndakuona, mayi anga. Koma ukuoneka wamfupi ukakhala mmenemo."

"Ndi galasilo."

Tsiku lomwelo anawatengera kuchipatala cha maso. Adokotala anati ng'ala zotere zimachotsedwa, munthu n'kuonanso bwinobwino, bola osazengereza. Koma mzere unali wautali, ndipo tsiku limene anawapatsa linali loti Mafunso atanyamuka kale. Anathamangira kwa a Pulofesa kukafunsa ngati ulendo ungasunthidwe. Anamuuza chilungamo: malo otere sadikira munthu, kumbuyo kwako kuli ena ambiri. A Telala atamva kuti akuganiza zotsala anakwiya kuposa tsiku la jasi lija.

"Utsale chifukwa cha ine? Anthu azidzati telala anasokera mwana wake miyendo? Pita."

"Ndiye lonjezani kuti mudzapita ndi amayi tsiku limenelo."

"Mpeni m'diso mwanga, pambali pali amayi akowa? Iwowa amakomoka akangoona magazi a nkhuku."

"Bodza limenelo!" anatero mayi.

"Udzandigwira dzanja ndiwe ukadzabwera. Changu n'chachiyani? Chimene ndimafuna kuona ndachiona kale."

Mafunso anafuna kuwauza zoona za pagalasi paja. Koma anayang'ana mmene bambo ake anakhalira pampando, chifuwa chili patsogolo, n'kuleka. Anangoti, "Ndidzabwera ndidzakutengeni, ababa."

Anapita. Kumene aliko akuchita bwino, ndipo amene akufuna kutsutsa akafunse a Pulofesa. Mlangizi wake akuti sanaonepo manja odekha ngati amenewo, ife sitidabwa, tikudziwa kumene anawatenga. Lamulungu lililonse amaimba foni. Amayamba ndi Kabatani, kenaka mayi, pomaliza bambo ake, ndipo nkhani imakhala yomweyo.

"Ababa, tsiku lija linadutsa. Ndawapempha adokotala akupatseni lina."

"Ubwera liti?"

"Chaka chamawa, mwina."

"Ndiye uwauze adokotala akowo chaka chamawa."

Mpaka lero sanawauze kuti munthu amene anamuona pagalasi paja sanali iye. A Telala nawo sanapondenso kuchipatala cha maso. Akudikira mwana wawo adzawagwire dzanja.