Maliro a pa Nsalu Yoyera

Fungo la petulo la jenereta ya aneba landibwezera ku Nambuma, chaka chomwe galimoto ya kanema inabwera koyamba. Dzuwa litangolowa, anapachika nsalu yoyera pamkuyu. Pansalupo tinaona munthu wamakedzana amene anapha mbale wake polimbirana munda. Pomaliza asilikali anamuwombera, iye n'kugwa yekhayekha mumsewu. Anthu anaomba m'manja, n'kubalalika.

Amayi sanadzuke.

"Amayi, tiyeni, zatha," ndinatero.

"Khala pansi, mwanawe. Kodi maliro amasiyidwa okha? Anapha, inde, koma nayenso anabadwa kwa mkazi."

Ndinakhala. Amayi anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, nsalu ija ikugwedezeka ndi mphepo, yopanda kanthu. Woyendetsa galimoto anabwera kudzaitsitsa. Anaima, n'kuvula chipewa.