Tupa la a Shawa

Chimene sindinachimvetse pa a Alfonsi Shawa, ndipo mpaka lero chimandisautsa, ndi ichi: munthu amene anameza chipongwe zaka makumi anayi, n'kukanika kutchula mawu amodzi akuti pepani.

A Shawa anali kadi pa kalabu yathu ya gofu kuno ku Chipata, ndiye kuti wonyamula chikwama cha ndodo za wosewera. Anachokera kumudzi wina ku Kasenengwa ndevu zisanamere bwino, ndipo anakalambira pabwalo pomwepo, akugona m'kachipinda kuseri kwa shedi ya thalakitala. Ine ndinali mlembi wa kalabu. Anandisankha nditapuma pa uphunzitsi, chifukwa panalibe wina wofuna kulemba zokambirana.

Ku Tamanda kumene ndinaphunzira ankatiuza kuti kutama munthu n'kumuika chiswe, choncho sindiwapaka mafuta a Shawa. Ankanunkhiza fodya wamphuno n'kuyetsemula munthu ali pakati poponya. Moni ankayankha ndi chibwano. Lamlungu akatuluka ku Misa ankapita kokamwa, ndipo Lolemba ankaoneka ngati thumba lanyowa. Koma maweji ankawadziwa, ndipo zimenezi si kutama ayi, n'chimodzimodzi kunena kuti mvula imagwa m'dzinja.

Weji ndi ndodo yaifupi ya nkhope yopendekera, yokwezera mpira m'mwamba ukayandikira dzenje. Kunsi kwake chitsulo chimatumphuka pang'ono. Osewera amati baunsi, a Shawa ankati mimba. Weji ya mimba yaikulu ndi ya pansi pofewa, pa udzu wonyowa kapena mumchenga wakuya, chifukwa siikumba. Koma bwalo lathu, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, limauma ngati msewu wa ngolo. Pamenepo mimba yaikulu imagunda pansi n'kunjanja, mlomo wa weji n'kumenya mpira pakati, mpirawo n'kuthamanga pansipansi ngati khoswe mpaka m'mabulugama.

Pankhope pa weji pali timizere. Timeneto ndito timagwira mpira n'kuuzunguliritsa, ndipo timatha ndi zaka monga amathera mano a nkhalamba. A Shawa ankatenga weji ya mlendo, n'kuyang'ana pamene pafufutika, n'kunena khalidwe la mwiniwake asanamuone akusewera. Pakatha pakatikati, kamalo kofanana ndi chitsekerero cha botolo, ankangoti, "Uyu asewera." Pakatha cha kunsonga ankati, "Uyu adzutsa mutu msanga, afuna kuona anthu akuwomba m'manja." Timizereto ankatichotsa dothi ndi munga wa mthethe basi, chitsulo sankachifikitsapo. Tupa lawo, limene ankalikulunga m'kansalu kachitenje, linali lopalira mimba yokha, ndipo zimenezo malamulo a gofu amalola.

Patsala chinthu chimodzi choti mudziwe. Pozungulira dzenje ife tilibe udzu wobiriwira umene mumauona pa TV. Tili ndi mchenga wosakaniza ndi oilo wakutha wa m'magalimoto kuti mphepo isauulutse. Mpira ukatera pamenepo umafa pomwepo. Ngakhale uzungulire bwanji m'mwamba, subwerera m'mbuyo.

A Boaz Miti analowa kalabu zaka zisanu zapitazo. Anali ogula soya ndi mpendadzuwa m'midzi, ali ndi malole asanu ndi limodzi, ndipo gofu anaphunzira pa foni. Oilo wa m'malole awo ndi amene ankatipatsa, madiramu awiri chaka chilichonse, ndipo sankatilola kuiwala. Tsiku lina la mu Seputembala anafika kuchokera ku Lusaka ndi maweji atatu atsopano, iliyonse itavekedwa kasokosi kake.

"Alfonsi, iwe! Bwera uone zitsulo zenizeni, osati makasu amene uzolowera."

A Shawa anali aakulu kwa iwo ndi zaka makumi awiri, koma pakalabu paja aliyense ankati iwe. Anavula kasokosi, n'kutembenuza weji, n'kuiimika pa simenti ya khonde. Mlomo wake unatsala m'mwamba moti chala chikanalowa.

"Bwana, izi n'za kwa anthu a madzi. Mimba yakula."

"Ya ndani mimba, yanga kapena ya weji?" anatero a Boaz, anthu n'kuseka.

"Ya weji ndingapale," anatero a Shawa.

Masabata atatu a Boaz anakana. M'masabata amenewo anaswa galasi la kuchimbudzi cha amayi, anaboola nyale ya njinga ya mlonda, ndipo mpira wina unakatera m'munda wa tomato kutsidya kwa mpanda. Sabata lachinayi anabweretsa weji imodzi pansi pa mtengo wa mango pamene a Shawa ankagwirira ntchito. Ine ndinali pabenchi pomwepo ndikukonza mndandanda wa mpikisano wa tsiku la ufulu, choncho zimene ndikulembazi ndinazimva ndekha.

"Pala mimbayo. Ukatha ukulitsenso timizere. Ndifuna mpira uzitera n'kubwerera m'mbuyo, monga achitira anyamata a pa TV."

"Anyamata a pa TV ali ndi udzu wothirira, bwana. Pano ndi mchenga ndi oilo wanu womwe. Mpira ubwerera bwanji?"

"Iwe chita zimene ndakuuza."

"Mimba ndipala. Timizere sindikhudza. Lamulo likana, ndiponso n'kuvutitsa chitsulo chabe."

Anapala masana awiri, pang'onopang'ono, akuimika weji pa simenti n'kuwerama kusuzumira, mpaka mlomo unatsika. Kalabu yonse inawaona akugwira ntchitoyo. Chimene kalabu sinaone n'chakuti a Boaz atalandira weji yawo anapita nayo kumsika, kwa munthu wina wowotcherera zitseko ndi mawindo, ndipo iye anadutsa m'timizere tonse ndi galainda, makina ake odulira zitsulo. Anandiuza yekha munthuyo patapita miyezi, ndikuwotcheretsa geti, akuseka kuti olemera ali ndi matenda awoawo.

Pa mpikisano a Boaz anasewera bwino, ndiyenera kuvomereza. Weji inkalowa kunsi kwa mpira bwinobwino pa nthaka youma ija, chifukwa cha mimba yopalidwa. Palibe mpira ndi umodzi womwe umene unabwerera m'mbuyo. Anapambana ndi kumenya kumodzi, ndipo wachiwiri anali mayi Hellen Ngoma, namwino wopuma amene anayenda nawo gulu limodzi. Mayi Ngoma ali ndi maso a kuchipatala. Anaona kuti mpira uliwonse wa a Boaz ukutuluka wokalikakalika ngati wapalidwa ndi mphaka, ndipo potsiriza anasolola weji m'chikwama n'kuyendetsapo chala. Chinatuluka magazi.

"Achimwene, iyi ndi weji kapena chopalira kaloti?"

A Boaz sanaphethire. "Ine za zitsulo sindidziwa, achemwali. Ndinapatsa Alfonsi. Nonse munamuona."

Komiti inakumana Lachitatu masana, anthu asanu, ndipo wotsogolera anali kapiteni wathu a Keith Daka. A Boaz anakhala pampando wa khushoni. A Shawa anaimirira pakhomo chipewa chili m'manja, ndipo mipando iwiri inali yopanda anthu. Atawapatsa weji ija anaiyang'ana ndi nkhope ya munthu woona chilonda chonyeka.

"Iyi ndi ntchito ya wodula mabagala a pawindo," anatero. "Timizere tina takhota. Zaka makumi anayi, munaona ine ndakhotetsa chinthu? Ndiponso, mabwana, nonse musewera pamchenga uja. Ndikanakulitsa timizere kuti tichite chiyani?"

Ine ndinanena zimene ndinamva pansi pa mango. Ndinazinena kamodzi, motsitsa mawu, monga tinaphunzitsidwira kulankhula pamaso pa akuluakulu.

"Aphunzitsi, inu lembani," anatero a Daka.

Atatulutsa a Shawa ndi a Boaz, nkhani ya timizere sinatchulidwenso. Wina anangofunsa kuti, "Nanga oilo tidzautenga kuti?" Ndipo mlandu unathera pamenepo. Anagamula kuti chikho chipite kwa mayi Ngoma, kuti a Boaz alibe chifukwa popeza anasocheretsedwa ndi wantchito, ndi kuti a Shawa apepese pamaso pa mamembala Loweruka, akatero apitirize ntchito ndi kugona m'kachipinda kawo. A Daka anati chimenechi n'chifundo. Kalata ya chigamulocho ndinalemba ndine, m'zilembo zokongola zimene ndinakwapulidwira ku Tamanda. Ndikaikumbukira malovu amawawa m'kamwa.

A Shawa ndinawapeza pansi pa mango akusongola munga. Ndinawawerengera kalata, n'kukhala pansi.

"A Shawa, ndi mawu amodzi. Aliyense adziwa kuti simunachite."

"Ngati adziwa, pepani wa chiyani?"

"Wa kachipinda. Wa ntchito. Pa msinkhu wanu mupita kuti? Munapepesa kangati pabwalo pano?"

"Kosawerengeka," anatero. "Bwana akataya mpira, pepani. Mvula ikagwa, pepani. Uja wa ku banki anandiponyera ndodo m'msana, ndinapepesa ndine. Zimenezo n'za pakamwa, aphunzitsi. Izi n'za manja."

Ananunkhiza fodya, n'kuyetsemula, n'kubwerera ku munga wawo. Mawuwo ndinawamva, koma sindinganame kuti ndinawamvetsa. Manja amene alibe chogwira amadya chiyani? Ndinawauza kuti kumeneko n'kunyada, ndipo kunyada ndi tchimo kwa Akatolika monganso kwa ife a mpingo wa ku Tamanda. Anandiyang'ana monga ankayang'anira weji yotha kunsonga.

Loweruka mamembala anadzaza khonde kuposa tsiku la mpikisano. Ena amene sitinawaone chaka chonse anabwera, mowa uli m'manja, kudzaonerera nkhalamba ikugwada. A Boaz anakhala kutsogolo atavala kapusi yatsopano. Tinadikira theka la ola. Mayi Ngoma ndiwo anaimirira, n'kuika chikho patebulo, n'kunena kuti sachifuna m'nyumba mwawo. Kenako a Daka anatuma mlonda kukaitana a Shawa, ndipo mlondayo anabwerako ndi kansalu kachitenje kaja, tupa lili m'kati mwake. A Shawa anali atalisiya pabenchi pansi pa mango. M'kachipinda munali mosesa, khomo lili pululu, mphasa itapindidwa n'kutsamiritsidwa kukhoma.

"Mwaona? Wolakwa athawa yekha," anatero a Boaz, ndipo ena anagwedeza mitu.

Madiramu a oilo anafika sabata lotsatira. Mwezi usanathe a Boaz anatulukira ndi weji inanso yatsopano, mimba yake ngati ya chule, n'kundifunsa ngati ndidziwa wina wopala. Ndinati sindidziwa. Tupa lili kwanga m'kabati, ndipo sindinawauze.

Tonse tinkayesa kuti a Shawa anabwerera kumudzi. Patapita masabata awiri mwana wawo Monika anafika kuchokera ku Kasenengwa ndi kathumba ka mtedza, kudzaona atate ake, ndipo ndine ndinamuuza pageti kuti kulibe. Tinapita limodzi kusiteshoni ya mabasi. Oitanira anawakumbukira: mdala wamtali wa jekete lakuda, chola chaching'ono paphewa, akuyendera ndodo ya gofu yakale, chitsulo chili pansi. Mmodzi anati anakwera ya ku Lundazi. Wina analumbira kuti inali ya ku Katete. Mayi wogulitsa nthochi anati sanakwere kanthu, anaima nthawi yaitali akuyang'ana mabasi, kenako anayamba wapansi kutsata msewu wa ku Mwami.